Magazi a Mumchombo ndi Kufanana kwa Matupi



Mwana akabadwa, mzamba amamanga mchombo paŵiri nadula pakati. Kachidutswa kotsala pamimba pa khandalo tonse timakadziŵa, pakuti ndiko timadikira kuti kaume ndi kugwa mwana asanatuluke m'chikuta. Mbali inayo, imene imatsalira kunsengwa, timaiyesa kuti ntchito yake yatha. Komatu m'chingwe chimenecho ndi m'nsengwamo mumatsala magazi a mwanayo, ochepa ndithu, osadzaza n'komwe kapu ya tiyi. Kuyambira m'chaka cha 1988, madokotala a m'maiko ena akhala akuchiritsa ndi magazi ameneŵa ana ndi akulu odwala matenda oopsa a magazi. Lero tifuna kuyankha funso limodzi: kodi khanda lopereka magaziwo ndi wodwala wowalandira ayenera kufanana motani kuti chithandizochi chigwire ntchito?

Nazale ya magazi

Tiyambe ndi kumene magazi amachokera. M'kati mwa mafupa ena a munthu, monga a m'chiuno ndi a pachifuŵa, muli mafuta ofiira amene ali ngati nazale ya magazi. M'menemo mumakhala maselo apadera amene amabala maselo ena onse a m'magazi: ofiira onyamula mpweya, oyera oteteza thupi ku matenda, ndi tina ting'onoting'ono tothandiza magazi kuundana pabala. Maselo obala anzawoŵa tiwatche mbewu za magazi.

Nazale imeneyi imatha kudwala. Khansa ya m'magazi imaidzaza ndi maselo oipa. Matenda a Fanconi, amene mwana amabadwa nawo, amaifooketsa mpaka imaleka kubala. Matenda a sickle cell, amene amapezeka ndithu m'dera lathu lino la Africa, amaichititsa kubala maselo ofiira opindika ngati zenga. Pofuna kuchiritsa odwala ena otere, madokotala amayamba apha nazale yodwalayo ndi mankhwala amphamvu, kenaka amaika mbewu za munthu wina. Sang'amba munthu ayi. Mbewuzo zimaloŵa kudzera mumtsempha monga momwe amaikira munthu magazi, ndipo zimapeza zokha njira ya kumafupa. Alimi a fodya ndi a mpunga amadziŵa kuoka mbande, ndipo amadziŵanso kuti mbande yookedwa imafuna masiku kuti igwire. Mawu aŵiri ameneŵa, kuoka ndi kugwira, tiwasunge, pakuti tiwagwiritsa ntchito mpaka kumapeto.

Amene anatsegula njirayi ndi Dr. E. Donnall Thomas wa ku America, amene anayamba kuyesa kuoka mafuta a m'mafupa m'zaka za m'ma 1950, nalandira mphotho ya Nobel mu 1990. Odwala ambiri oyamba anamwalira, ndipo chifukwa chachikulu chinali chakuti wopereka ndi wolandira sankafanana.

Mphini za m'thupi

Kale anthu a mitundu ina ankadziŵana ndi mphini za pankhope. Thupi nalonso lili ndi mphini zake. Pafupifupi selo lililonse la thupi lanu lili ndi zizindikiro pakhungu pake, ndipo maselo oyera a m'magazi, amene ali asilikali a thupi, amayendayenda akuyang'ana zizindikirozo. Selo la zizindikiro zodziŵika amalisiya, koma la zizindikiro zachilendo amalithira nkhondo. Zizindikiro zimenezi akatswiri amazitcha HLA. Choyamba mwa izo anachifotokoza Jean Dausset wa ku France mu 1958, ndipo iyenso analandira mphotho ya Nobel mu 1980.

Pano omvera ena angaganize za magulu a magazi amene timamva kuchipatala, A, B, AB ndi O. Zimenezo ndi zina. Magulu a magazi ndi oŵerengeka, mwakuti m'basi imodzi mungapeze anthu angapo a gulu lanu. Koma mitundu ya zizindikiro za HLA imene yalembedwa kale ikuposa 30,000, ndipo kupeza munthu wosakhala m'bale wanu wofanana nanu pa zonse ndi chinthu chapatali. Pooka mbewu za magazi, gulu la magazi likhoza kusiyana. Chodabwitsa n'chakuti mbewu zikagwira, wodwala wa gulu A amene analandira mbewu za munthu wa gulu O amasanduka wa gulu O, popeza magazi ake onse tsopano akubadwa ku mbewu za mnzakeyo.

Zizindikiro zikasiyana kwambiri pamakhala ngozi ziŵiri. Yoyamba, asilikali otsala a wodwalayo amapha mbewu zatsopanozo zisanagwire, ndipo munthuyo amatsala wopanda nazale iliyonse. Yachiŵiri ndi yachilendo koposa. Pamodzi ndi mbewuzo pamabweranso asilikali a woperekayo, ndipo iwo akafika amaona thupi lonse la wodwalayo ngati la mdani. Amaukira khungu, chiŵindi ndi matumbo, munthu nkuchita zidzolo, chikasu ndi kutsegula m'mimba kosalekeza. Matendaŵa madokotala amawatcha mwachidule GVHD, ndipo akakula amapha. Ndiye kuti mlendo amene munamlandira kuti akuthandizeni wayamba kutentha nyumba.

Chibale ndi fupa

Nanga wofanana naye amapezeka kuti? Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo pa nkhani iyi mawuwo ndi oona kwenikweni. Malangizo a zizindikiro za HLA ali pamodzi pa kachingwe kamodzi ka chibadwa kotchedwa chromosome 6, ndipo kaŵirikaŵiri amapita kwa mwana onse pamodzi, ngati mtolo wosamasula. Munthu aliyense ali ndi mitolo iŵiri, wina wa kwa atate ake, wina wa kwa amayi ake.

Tiŵerengere limodzi monga m'kalasi. Tinene kuti bambo ali ndi mtolo wofiira ndi woyera, mayi ali ndi wakuda ndi wachikasu. Mwana amatenga umodzi kwa bambo ndi umodzi kwa mayi. Akhoza kukhala ndi wofiira ndi wakuda, wofiira ndi wachikasu, woyera ndi wakuda, kapena woyera ndi wachikasu. Njira ndi 4 basi. Choncho ana aŵiri a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi ali ndi mwaŵi wa 1 mwa 4 wofanana pa mitolo yonse iŵiri, mwaŵi wa 2 mwa 4 wofanana pa mtolo umodzi, ndi mwaŵi wa 1 mwa 4 wosiyana kotheratu. Kholo ndi mwana wake amafanana pa mtolo umodzi nthaŵi zonse.

Tisanamizidwe kuti wodwala amene ali ndi abale 4 ndiye kuti wapeza kale wofanana naye. Mimba iliyonse imachita maere ake payokha. Mukaŵerengera bwino, munthu wa abale 4 ali ndi mwaŵi wa pafupifupi 68 pa 100 wopeza mmodzi wofanana naye. M'maiko amene mabanja ndi aang'ono, odwala pafupifupi 30 okha pa 100 alionse ndiwo amapeza m'bale wotere. Otsalawo amayang'ana kunja kwa banja.

N'chifukwa chake maiko ambiri anakhazikitsa akaundula a anthu akuluakulu odzipereka, amene zizindikiro zawo zinayezedwa ndi kulembedwa. Ku South Africa kaundula wotere anayamba mu 1991. Posankha wopereka wamkulu amene si m'bale, madokotala akhala akuyang'ana malo 4, otchedwa A, B, C ndi DRB1. Popeza malo alionse ali ndi zizindikiro ziŵiri, cha kwa bambo ndi cha kwa mayi, zonse pamodzi ndi 8, ndipo chofunidwa ndi kufanana pa 8 mwa 8.

Zimene zinachitika ku Paris

Tsopano tibwerere kumchombo. M'zaka za m'ma 1980, Dr. Hal Broxmeyer wa pa Indiana University ku America ndi anzake anasonyeza kuti magazi otsala mumchombo ali ndi mbewu za magazi zochuluka, ndiponso kuti akhoza kuumitsidwa m'chisanu nasungidwa osafa. Panthaŵiyo kunali mnyamata wa zaka 5 wa ku America wodwala matenda a Fanconi, ndipo amayi ake anali oyembekezera. Atayeza mwana wa m'mimbayo anapeza kuti alibe matendawo, ndipo zizindikiro zake zikufanana ndi za mlongo wakeyo. Khanda lalikazilo litabadwa, magazi a mumchombo wake anasungidwa, kenaka ananyamulidwa pa ndege kupita ku chipatala cha Saint-Louis mumzinda wa Paris. Kumeneko, mu Okutobala 1988, Dr. Eliane Gluckman anawaika mwa mnyamatayo. Mbewu zinagwira, ndipo mnyamatayo anakula nakhala bambo.

Pa ulendo woyambawu wopereka ndi wolandira anali ofanana pa zonse. Funso lalikulu linali lakuti, nanga akasiyana? Dr. Pablo Rubinstein wa ku New York Blood Center anakhazikitsa nkhokwe yoyamba ya anthu onse, kumene amayi amapereka magazi a mumchombo mwaulere kuti adzathandize aliyense. Timatumba take timasungidwa mu nayitrojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro. Mu 1993, Dr. Joanne Kurtzberg wa pa Duke University anayamba kuika mwa ana magazi ochokera m'nkhokweyo, a makanda amene sanali abale awo. Ambiri mwa ana amene analandira m'zaka zotsatira sankafanana ndi makandawo pa zizindikiro zonse, komabe mbewu zinkagwira, ndipo GVHD yoopsa inali yocheperapo kusiyana ndi imene ikanabuka mbewuzo zikanachokera kwa munthu wamkulu wosiyana nawo chimodzimodzi.

Kuchokera pamenepo panakhala lamulo limene linatsatidwa zaka zambiri. Pa magazi a mumchombo ankayang'ana malo 3 okha, A, B ndi DRB1, kutanthauza zizindikiro 6, ndipo kathumba kofanana ndi wodwala pa 4 mwa 6 kankaloledwa. Kofanana pa 5 kanali kabwino koposa, ndipo ka 6 mwa 6 kanali mwaŵi waukulu.

N'chifukwa ninji khanda limakhululuka pamene wamkulu sakhululuka? Asilikali a m'magazi a munthu wamkulu anamenyapo nkhondo zambiri. Anakumana ndi chikuku, chimfine ndi matenda ena osaŵerengeka, ndipo ambiri a iwo amalumpha msanga akaona chachilendo. Asilikali a khanda sanaonepo nkhondo. Miyezi 9 yonse akhala m'thupi la mayi, amene amasiyana nawo pa mtolo umodzi, osalimbana naye. Akafika m'thupi la wodwala saukira ndi ukali wofanana ndi wa asilikali a munthu wamkulu.

Mtengo wake

Koma palibe chabwino chopanda mtengo wake. Magazi a mumchombo ndi ochepa, ndipo mbewu zake ndi zoŵerengeka. Madokotala amafuna maselo osachepera 25 miliyoni pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa wodwala. Mwana wa makilogalamu 20 afunika maselo 500 miliyoni, ndipo timatumba tambiri timakwanitsa. Munthu wamkulu wa makilogalamu 70 afunika 1,750 miliyoni, ndipo timatumba tofika pamenepo ndi tochepa. Mbewu zikachepa zimachedwa kugwira. Kaŵirikaŵiri wolandira magazi a mumchombo amadikira milungu 3 kapena 4 kuti maselo oyera ayambe kuoneka, ndipo masiku onsewo amakhala wopanda chitetezo, mwakuti kachilombo kamene ife sitingakamve n'komwe kakhoza kumupha. Ndiponso kathumba kakatha katha. Kwa wopereka wamkulu mukhoza kubwerera kukapempha maselo ena, koma mchombo umaperekedwa kamodzi.

Choncho dokotala amayeza zinthu ziŵiri pa sikelo imodzi: kufanana ndi kuchuluka. Tiyerekeze kuti pali mtsikana wa makilogalamu 30, amene afunika maselo osachepera 750 miliyoni. M'nkhokwe mwapezeka timatumba tiŵiri. Koyamba kakufanana naye pa 5 mwa 6, koma kali ndi maselo 450 miliyoni okha. Kachiŵiri kakufanana naye pa 4 mwa 6, koma kali ndi 1,600 miliyoni. Ambirife tingathamangire koyambako. Dokotala wodziŵa ntchito angasankhe kachiŵiri, popeza koyambako sikafika pa mlingo, pamene kachiŵiriko kakuposa mlingowo kaŵiri. Lamulo lake nali: kusiyana kukakula, maselo ayenera kuchuluka kuti aphimbe kusiyanako.

Pofuna kuthandiza akuluakulu, madokotala a pa University of Minnesota, Juliet Barker ndi John Wagner, anayamba kuika timatumba tiŵiri ta makanda osiyana mwa wodwala mmodzi, nafalitsa zotsatira zake mu 2005. Chimene chimachitika n'chakuti pakapita miyezi ingapo, kaŵirikaŵiri kathumba kamodzi kokha ndiko kamatsala kakubala magazi, kenako nkuzimirira. Mu 2023 boma la America linavomerezanso njira yochulukitsa mbewu za mumchombo m'labotale zisanaikidwe mwa wodwala, kuti zigwire msanga.

Kuyang'anitsitsa

Makina oŵerenga DNA atapita patsogolo, zinadziŵika kuti zizindikiro ziŵiri zimene kale zinkaoneka zofanana zikhoza kusiyana pang'ono, monga anthu aŵiri a mfunda umodzi koma a midzi yosiyana. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Dr. Mary Eapen, wofalitsidwa mu 2011 ndi mu 2014, anasonyeza kuti malo a C nawonso ndi ofunika, ndi kuti odwala ofanana bwino ndi kathumba pa zizindikiro zonse 8 ankamwalira ochepa ndi zovuta za chithandizocho. Choncho masiku ano zipatala zambiri zimayeza zonse 8 mosamalitsa. Khanda limakhululuka ndithu, koma kukhululuka kwake kuli ndi malire.

Dokotala amayezanso magazi a wodwalayo. Munthu amene anaikidwapo magazi kambiri, kapena mayi amene anaberekapo, nthaŵi zina thupi lake linaphunzira kale kudana ndi zizindikiro zina. Kathumba kokhala ndi zizindikiro zimenezo kamapewedwa, pakuti kakhoza kukanidwa.

Palinso chinthu china chokoma kumva. Kumbukirani kuti mayi ali ndi mitolo iŵiri, ndipo khanda limatenga umodzi. Mtolo winawo silinautenge, koma linakhala nawo pafupi miyezi yonse ya m'mimba, ndipo linauzoloŵera. Mu 2009, Prof. Jon van Rood wa ku Leiden m'dziko la Netherlands ndi anzake a ku New York anapeza kuti ngati chizindikiro chimene wodwala akusiyana nacho ndi khanda chili pa mtolo wotsalawo wa mayi wa khandalo, odwala otero ankapulumuka ochulukirapo. Asilikali a khandalo akakumana ndi chizindikirocho amachiona ngati nkhope ya kuchikazi.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Mtundu wa anthu unayambira mu Africa, ndipo anthu akhala kuno nthaŵi yaitali kuposa kwina kulikonse. Pa chifukwa chimenechi, zizindikiro za HLA ndi zosiyanasiyana kwambiri pakati pa anthu a mu Africa ndi zidzukulu zawo kuposa pakati pa azungu. Kuwonjezera apo, anthu akuda olembedwa m'makaundula a dziko lapansi ndi ochepa. Kafukufuku wa kaundula wa ku America, wofalitsidwa mu 2014, anapeza kuti odwala achizungu 75 pa 100 alionse akanapeza wopereka wamkulu wofanana nawo pa 8 mwa 8, pamene kwa odwala akuda chiŵerengerocho chinali pakati pa 16 ndi 19 pa 100. Koma kafukufuku yemweyo anapeza kuti kathumba ka mumchombo kosiyana pa chizindikiro chimodzi kapena ziŵiri kanalipo kwa pafupifupi odwala onse osafika zaka 20, ndi kwa oposa 80 pa 100 a zaka 20 kapena kuposerapo, mosayang'ana mtundu. Kukhululuka kwa khanda kunatsegula khomo kwa anthu amene kaundula wa akuluakulu anawabweza chimanjamanja.

Tinene zoona kuti lero mchombo uli ndi mnzake wopikisana naye. Madokotala a pa Johns Hopkins ku Baltimore anasonyeza, cha m'ma 2008, kuti kholo, mwana kapena m'bale wofanana pa mtolo umodzi wokha akhoza kupereka, wodwalayo akapatsidwa mankhwala a cyclophosphamide masiku oŵerengeka mbewu zitaikidwa, kuti aphe asilikali aukali. Njirayi ndi yotsika mtengo, ndipo yachepetsa kugwiritsa ntchito magazi a mumchombo m'maiko ambiri. Komabe odwala oposa 40,000 pa dziko lonse analandira kale magazi a mumchombo, ndipo kathumba kali ndi ubwino wakuti kamakhala kali chile m'nkhokwe, koyezedwa kale, pamene khansa sidikira munthu.

Mafunso aŵiri

Ndisanatsanzike ndiyankhe mafunso aŵiri amene mayi aliyense angafunse. Loyamba, kodi kutenga magaziŵa kumapweteka mwana kapena mayi? Iyayi. Amatengedwa mchombo utadulidwa kale, kuchokera ku mbali yotsalira kunsengwa, ndipo satengedwa popanda chilolezo cha mayi.

Lachiŵiri, kodi mwana akadwala si bwino kumuika magazi a mumchombo wake womwe, popeza ndiwo ofanana naye pa zonse? Pa matenda obadwa nawo, monga sickle cell ndi Fanconi, yankho ndi lakuti ayi, chifukwa mbewu za mumchombowo zili ndi chilema chomwecho. Chothandiza ndi mchombo wa mng'ono wake kapena mlongo wake wofanana naye amene alibe matendawo, monga zinachitikira ku Paris. Ngakhale pa khansa ya m'magazi, madokotala amakonda mbewu za munthu wina, pakuti asilikali achilendo amasaka ndi kupha maselo a khansa otsalira, amene asilikali a mwiniwake akanawalekerera. Pamenepa pakwanira mwambi uja wakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Tsono mukamva kuti wodwala wakutiwakuti akufuna wofanana naye, mudziŵe kuti sakunena za gulu la magazi, akunena za zizindikiro za HLA. Mudziŵenso kuti woyamba kuyezedwa ndi m'bale wa bambo mmodzi ndi mayi mmodzi, ndi kuti m'baleyo akapanda kufanana, nkhani sinathere pomwepo. Kutali kwina kuli mayi amene tsiku lake lochira analola kuti magazi a mumchombo wa mwana wake asungidwe, osadziŵa amene adzawalandire, ndipo kathumba kameneko kakhoza kukwanira ngakhale kakusiyana ndi wodwalayo pa chizindikiro chimodzi kapena ziŵiri.